Dzina la Kunsi kwa Mwala

1

Ndinachotsetsa mkazi wamasiye pamalo amene anawapeza ndi manja ake, ndipo ndinachita zimenezi ndi chala chimodzi chokha. Dzina langa ndine Maidei. Kuno ku Chitungwiza, pafupi ndi Harare, aliyense akuifotokoza nkhaniyi mmene akufunira, ndiye ndaona kuti ndi bwino muimve kwa mwini wake.

Ndinakwatiwa kubanja la a Chinembiri, banja la osema miyala. Apongozi anga aamuna anali mmisiri wotchuka, ndipo atamwalira dzina lawo linatsalira ana awo awiri: Tichaona, wamkulu, ndi Garikai, mwamuna wanga. Ntchito kwathu inagawidwa kalekale. Mwamuna amasema, mkazi amakwecha. Chiboliboli chikatha kusemedwa, akazife timachikwecha ndi sandipepa m'beseni la madzi mpaka zala kutuwa, timachiwamba pamoto, n'kuchipaka phula kuti mwala ude bii. Kenako mwamuna amachigadamiza n'kulemba dzina lake kunsi.

Amisiri a m'dera lathu ndi akazi awo okwecha ali m'bungwe lotchedwa Ubale wa Osema Miyala. Ubalewu uli ndi nyumba imene mmisiri wina anausiyira pomwalira, ndipo chaka chilichonse umasankha munthu mmodzi kukakhala m'menemo miyezi isanu ndi umodzi. Miyala, zida ndi chakudya zimachokera ku Ubale. Iye ntchito yake ndi kusema basi, ndipo pomaliza pamachitika chionetsero chimene chimakoka ogula a kunja. Malamulo ake ndi awiri. Wosankhidwayo amasemera pachisakasa cha poyera, ali yekha, ndipo a kunyumba kwake amamuona Lamulungu lokha. Komanso Lachitatu lililonse amasema miyala ya pamanda ya nkhalamba zomwalira zopanda abale ku nyumba ya okalamba imene ili kuseri kwa mpanda.

Chaka chatha anthu amene anatsala pa mpikisano anali awiri: Garikai, ndi Shuvai, mkazi wa malemu Tichaona. Ubale unasankha Shuvai.

Nditamuuza Garikai, sanasiye n'komwe kudya sadza yake, nsima ya kuno.

"Asiyeni," anatero. "Chaka chino ndi cha akazi. Pali ndiwo zina?"

Amene anapsa mtima anali apongozi anga aakazi. Anamva kuti kunsi kwa ziboliboli zake Shuvai analemba dzina la kwawo, Shuvai Zindoga, osati Chinembiri.

Mawa lake ndinakumana ndi Shuvai pampopi. Popeza anali mkazi wa mkulu wake wa mwamuna wanga, ndinkamutchula kuti maiguru, iye n'kumanditchula mainini.

"Maiguru, ndamva kuti mwakwera. Ife okwechafe mudzatipatsabe moni?"

"Moni sagula, mainini. Ndidzakupatsa awiri."

"Mwaphunzira liti kusema? Zaka zonsezi tinali limodzi pabeseni."

Anatseka mpopi, n'kuyang'ana zikhatho zanga nthawi yaitali.

"Nyundo siluma," anatero. "Koma iwe ukudziwa kale zimenezo."

Ndinabisa manja m'chitenje. Kuyambira pamenepo sindinathenso kumumvera chisoni.

2

Mmisiri akamwalira, miyala imene anaisiya yosatha imaphimbidwa ndi nsalu, ndipo palibe woikhudza mpaka chaka chitatha, achibale atachita mwambo wobwezera mzimu wake pakhomo. Tichaona anali atagona miyezi isanu ndi itatu yokha.

Sindinapite kwa akuluakulu a Ubale. Ndinapita kwa apongozi, ndi botolo la mafuta opaka m'mawondo awo.

"Amayi, ine sindikufuna kuyambitsa nkhani," ndinatero ndikuwasisita.

"Ndiye usayambitse."

"Kungoti ziboliboli za maiguru zija ndazigwira. Zala zanga zikuti zinazigwirapo kale."

Anachotsa mwendo pamiyendo yanga.

"Ukutanthauza chiyani?"

"Mwina ndalakwitsa. Koma nsalu zija, munapitako liti kukaziona?"

Zinakwana. Tsiku lomwelo anakwera minibasi, mawondo otupa omwewo, kupita kwa a Gwatidzo, wapampando wa Ubale. Anakawauza kuti mkazi wamasiye wavundukula miyala ya malemu nthawi isanakwane, waimaliza, n'kulembapo dzina la bambo ake. Pofika Lachisanu, nkhani inali itafika mpaka kwa ogulitsa chimanga chokazinga cha maputi pasiteji. Shuvai anali atamanga kale katundu wake wopita naye ku nyumba ya Ubale. Ubale unamuuza kuti ayambe wadikira.

3

Mlandu unakambidwa Loweruka m'mawa pachisakasa chomwe chija. Amisiri anakhala pamiyala, akazi pamphasa, ndipo nkhalamba za kuseri kwa mpanda zinabweretsa mipando yawo, poti kwa izo chilichonse chochitika pamenepo ndi chionetsero chaulere.

Miyala yophimbidwa ija anakaiona, ndipo inalipo. Koma palibe amene anaiwerenga tsiku la maliro, ndiye sizinathandize aliyense.

A Gwatidzo ndi munthu wofatsa, wa ndevu zoyera ngati kuti fumbi la mwala silinachokemo. Anaimirira n'kunena kuti: "Dzina la kunsi munthu angathe kulifafaniza ndi tupa. Dzanja silifafanizika. Ndani anakwecha ntchito za malemu nthawi yaitali, kupatula mkazi wake?"

Onse anatembenukira kwa ine. Ndinali nditazikwecha zaka khumi ndi chimodzi.

Anandimanga nsalu m'maso, n'kundiikira ziboliboli zisanu ndi ziwiri za amisiri osiyanasiyana. Wokwecha aliyense amadziwa kuti pali malo amene sandipepa safika, monga kunsi kwa chibwano ndi kuseri kwa khutu. M'menemo mumatsala mapazi a tchizulo, ndipo mmisiri aliyense ali ndi mayendedwe ake. Ndinayendetsa chala changa cha mkombaphala m'malo amenewo. Ndinapatula zitatu.

"Izi zasemedwa ndi dzanja limodzi," ndinatero.

Atandimasula, ndinaona kuti chimodzi chinali chokhala ndi dzina la Tichaona, ziwiri za Shuvai. Anthu anang'ung'udza.

"Mai Chinembiri, mukutsimikiza?" anafunsa a Gwatidzo.

"Dzanja limene linasema cha malemuchi ndi lomwe linasema ziwirizi. Ndingalumbire."

Apongozi anayamba kulira mokweza, akutchula dzina la mwana wawo.

Mmisiri wina kumbuyo anati: "Tivutikiranji? M'patseni mwala ndi nyundo aseme tikuona. Maidei agwirenso. Ngati dzanja lili lake, tidziwa lero lomwe."

Anagubuduza mwala n'kuuika patsogolo pa Shuvai. A Gwatidzo anatenga nyundo yawo yeniyeni n'kumupatsa. Iye anaiyang'ana, anayang'ana apongozi, n'kupinda manja.

"Sindisema," anatero.

"Mwana wanga, ukakana tiziti wavomera mlandu."

"Nenani zimene munene, bambo. Sindisema."

"Wakuba," anatero apongozi. "Wabera munthu ali m'manda."

Asanafike masana, dzina la Shuvai linali litachotsedwa mu Ubale, ndipo malo aja anapatsidwa kwa amene anali wachiwiri, Garikai Chinembiri.

4

Shuvai anandipeza kuseri kwa chisakasa ndikusamba m'manja.

"Sambitsitsa," anatero. "Chala chimenecho chagwira ntchito lero."

"Ndanena bodza lanji, maiguru?"

"Bodza sunanene. N'chifukwa chake ndikukuopa."

Apa ndiyenera kukuuzani zimene tonse awiri tinkadziwa. Fumbi la mwala linamudya Tichaona m'chifuwa. Zaka zisanu zomaliza za moyo wake sankatha kukweza nyundo kakhumi asanayambe kutsokomola. Amene ankasema anali Shuvai, chitseko chili chotseka, mwamuna wake atakhala pambali akumulangiza. Tichaona ankangolemba dzina. Ziboliboli zimene zinamutchukitsa kwambiri, zimene amayi ake ankanyadira kutchalitchi, zinali za mkazi wake. Ine ndinazindikira mwezi woyamba womwe, chifukwa mapazi a tchizulo anasintha pansi pa chala changa.

Akanasema pamaso pa anthu tsiku lija, akanapambana mlandu. Koma aliyense akanadziwa kuti malemu anadya ulemu wa ntchito imene sanaigwire. Ndinkadziwa kuti Shuvai sangamuvule mwamuna wake ali m'manda, amayi ake akuona.

"Unawerengera bwino," anatero. "Unadziwa kuti ndikhala chete."

"Ndinadziwa."

"Ndinakulakwira chiyani? Pamene unkadwala utabereka Rufaro, ndani ankakuchapira?"

Ndinapitiriza kusamba m'manja.

"Wachita zonsezi chifukwa cha Garikai? Amene uja?" Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Mulungu akupatse zimene ukufunazo, mainini. Zonse, osasiyako."

Sabata yomweyo apongozi anamutulutsa m'nyumba ya malemu. Anapita kwa mchimwene wake ku Epworth, kumene anayamba kugulitsa tomato m'mbali mwa msewu. Ogula miyala atamva kuti ndi wakuba, palibe anafunanso kuona ntchito yake.

5

Garikai sanapite ku mlandu uja. Nditafika kunyumba ndinamupeza atakhala pakhonde, uthenga utamufika kale pafoni. Nkhope yake inali ngati ya munthu amene wauzidwa za maliro.

"Wachita chiyani iwe?"

"Ndakupezerani malo, bambo a Rufaro. Simuthokoza?"

"Ndinalembetsa kuti dzina lioneke pamndandanda basi. Ukudziwa kuti kumene kuja munthu amakhala yekha."

"Ndikudziwa."

"Pachisakasa cha poyera."

"Ndi nkhalamba zikuonerera. Ndikudziwa."

Anandiyang'ana ngati akundiona koyamba.

Kuseri kwa nyumba yathu kuli kampanda ka malata. Anthu ankadziwa kuti m'menemo ndi mmene Garikai Chinembiri amasemera, ndipo salola munthu kulowamo chifukwa mzimu wa ntchito umathawa. Zaka zisanu ndi zinayi, amene ankagwira nyundo m'kampandamo ndinali ine. Iye sankadwala ngati mkulu wake. Anali wamphamvu, wodya bwino. Kungoti dzanja la bambo ake silinamugwere. Ankatha kusema timvuu ting'onoting'ono togulitsa kwa alendo pamsewu, ndipo ankatha kuvala jekete n'kufotokozera ogula mmene mwala unamulankhulira kumaloto.

Tsiku lina ndinasema mayi wowerama akutunga madzi, ntchito ya miyezi itatu. Nditamaliza ndinalemba kachilembo kamodzi, M, pambali pa malo a dzina lake. Kanali kochepa ngati njere ya mpunga. Atakaona anatenga tupa n'kukafafaniza ine ndikuona, akuimba mluzu.

"Mkazi wa Chinembiri ndi Chinembiri," anatero. "Ukufunanso chiyani?"

Ndikanauza anthu, ndani akanakhulupirira wokwecha? Apongozi akanandibweza kwathu tsiku lomwelo, Rufaro n'kutsala. Ndinkafuna kuti mwala unene wokha, iye ataima patsogolo pake popanda ine. Njira yokafikira pamenepo inali imodzi, ndipo panjirapo panaima Shuvai. Sindinamuchotse chifukwa chokonda mwamuna wanga. Ndinamuchotsa kuti mwamuna wanga akagwe pamalo pamene aliyense angamuone.

"Ndikana," anatero Garikai.

"Kanani. Mukauze amayi anu chifukwa chake, iwo atathyola mawondo kukumenyerani nkhondo."

Lolemba anapita, atanyamula chikwama ndi jekete lake.

6

Mwezi woyamba anauza anthu kuti akumvetsera mwala. Mwezi wachiwiri anati dzanja lamugwira nyamakazi. Nkhalamba zinkabwera ndi mipando yawo m'mawa uliwonse, ndipo nkhalamba zilibe manyazi.

"Mwalawo sunayankhulebe, mwanangu?" ankafunsa gogo wina wopanda mano. "Mwina ndi wosamva ngati ine. Taukuwira."

Chodabwitsa n'chakuti ntchito ya Lachitatu ankaigwira bwino kwambiri. Zilembo za pamiyala ya pamanda zinkatuluka zowongoka, zokongola, moti nkhalamba zina zinayamba kumupempha kuti azilembere mayina awo zikadali moyo. Kulemba dzina ndi ntchito imene anaizolowera.

Lamulungu ndinkapita kukamuona nditavala zoyera za kutchalitchi, n'kukhala pampando manja ali pamiyendo.

"Maidei, ola limodzi lokha," ankanong'ona. "Ungondiyambira nkhope. Anthu ali kutchalitchi."

"Lero ndi Sabata, bambo a Rufaro."

"Ndidzalemba chilembo chako chija. Ngakhale dzina lonse."

"Tupa munaisiya kuti?"

"Ndiwe mfiti."

"Idyani, sadza ikuzizira."

Ndisakunamizeni, masiku amenewo ndinkagona tulo tokoma.

Mwezi wachitatu utatha, pachisakasa panali timvuu khumi ndi tiwiri ndi mwala waukulu umodzi wong'aluka pakati. A Gwatidzo anaitanitsa msonkhano. Anaika kamvuu kamodzi pambali pa mayi wotunga madzi uja, amene anamubwereka kwa wogula wa mu Harare.

"Mai Chinembiri," anatero, "chala chanu chija chikugwirabe ntchito? Lero sitikumangani m'maso."

Ndinaimirira. Mawu amene ndinawasunga zaka zisanu ndi zinayi anatuluka osaphonya ngakhale limodzi. Ndinapempha nyundo, ndipo pachidutswa cha mwala wong'aluka uja ndinatulutsa khutu ndi tsaya anthu akuona. Garikai anatuluka pachipata osatenga jekete. Ndinkayembekeza kuti wina aomba m'manja.

Palibe anaomba. A Gwatidzo anagwira mapazi a tchizulo changa ndi chala chawo.

"Ngati m'nyumba ya wamng'ono munali chonchi," anatero pang'onopang'ono, "m'nyumba ya wamkulu munali bwanji? Munatiuza kuti dzanja linali limodzi. Simunatiuze kuti linali la yani."

Funso limenelo sindinalikonzekere. Ndinayang'ana apongozi, amene anakhala pamphasa atagwira mutu. Ndikanatha kunena kuti sindikudziwa. Koma ndinali nditatenthedwa ndi kulankhula zoona, ndipo ndinaganiza kuti ndikumubwezera Shuvai zake.

"Linali la maiguru," ndinatero. "Zaka zisanu zomaliza, malemu sanaseme kanthu."

Apongozi sanalire ulendo uno. Anadzuka, anakutumula chitenje, n'kunena kuti: "Ndinali ndi ana awiri amisiri m'mawa uno." Anapita osatsanzika.

7

Ubale unatuma anthu ku Epworth kukapepesa. Shuvai anabwera patapita sabata, atawonda, manja akununkha masamba a tomato. Anamubwezera dzina lake m'kaundula, n'kumupatsa miyezi isanu ndi umodzi yathunthu m'nyumba ija. Ine anandichotsa mu Ubale, koma a Gwatidzo anati mwina ndingapepese pogwira ntchito ya Lachitatu pansi pa Shuvai, ngati iye angalole.

Ndinagwada pamaso pa anthu onse.

"Maiguru, ndikhululukireni. Ndayesa kukonza."

"Kukonza?" Analankhula motsitsa, moti a kumbuyo anachita kusendera. "Ndinalola kutchedwa wakuba. Ndinalola kutulutsidwa m'nyumba. Ndinakhala padzuwa miyezi itatu ndikuingitsa ntchentche pa tomato, kuti chinthu chimodzi chokha chisadziwike. Iwe wachinena m'mphindi imodzi kuti mtima wako upepuke. Unandibera koyamba, ndinapirira. Uku ndi kundibera kachiwiri."

"Nanga ndikanatani?"

"Ukanafunsa. Epworth si kutali."

Anatembenukira kwa a Gwatidzo.

"Malowa ndawalandira, bambo, chifukwa ndi anga. Koma uyu Lachitatu asabwere. Nkhalambazi zavutika mokwanira."

Panopa Shuvai ali m'nyumba ya Ubale, ndipo amene aona ntchito yake akuti sanaonepo yotere. Garikai ali kwa amayi ake, ndipo nkhani ya ukwati wathu ili m'manja mwa ankhoswe. Ine ndikuchita lendi chipinda chimodzi ndi Rufaro, ndipo ndikusema pansi pa mtengo, poyera.

Mwezi watha a Chinembiri anachita mwambo wobwezera mzimu wa Tichaona pakhomo. Shuvai sanaitanidwe. Apongozi analamula kuti mkazi amene anachititsa mwana wawo kusekedwa asadzapondenso pamanda ake, ngakhale kuti amene anayankhula ndinali ine. Ndinamva kuti tsiku limenelo Shuvai sanaseme. Anakhala pachisakasa kuyambira m'mawa atavala zakuda, nkhalamba zitamuzungulira.

Inu amene mukuwerenga, makamaka akazi anzanga amene mukugwira ntchito kuseri kwa dzina la munthu wina, sindikuuzani kuti mupirire. Mkwiyo wanga unali ndi chifukwa, ndipo mpaka lero sindimumvera chisoni Garikai. Koma pamene ndinkakonza zomugwetsa, ndinaona Shuvai ngati mwala wotchinga njira, chonsecho anali munthu yekhayo m'tauni yonseyi amene ankadziwa zimene zikhatho zanga zinkabisa, ndipo sanauzepo aliyense. Ndikanapita kwa iye n'kumuuza kuti ndatopa, mwina akanandipatsa mpando. M'malo mwake ndinapita kwa apongozi ndi botolo la mafuta.

Malo ake anawapezanso. Koma ali ndi mwamuna amene anamukonda mpaka kulolera kutchedwa wakuba, ndipo sangathe kukazula ngakhale udzu umodzi pamanda ake. Njira imeneyo ndinaitseka ndine, ndipo sindikudziwa kuti ndingaitsegule bwanji.